Mwafika ku Houston? Dziwani kaye za Dusty Baker

Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Okutobala, macheza a kuntchito kuno amakhala a baseball, masewera omenya kampira ndi ndodo. Mukangokhala duu pakona, anzanu amaganiza kuti simufuna kucheza nawo. Polowera posavuta ndi mbiri ya Dusty Baker, mkulu amene anatsogolera Astros, timu ya kuno ku Houston, kutenga World Series, chikho chachikulu cha ligi, mu 2022 ali ndi zaka 73.

Iyeyu anasewera kuyambira 1968 mpaka 1986, ku Atlanta Braves, Los Angeles Dodgers, San Francisco Giants ndi Oakland Athletics. Anamenya ma home run 242 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) ndipo anatenga World Series ndi Dodgers mu 1981. Batting average yake inali .278, ndipo apa ndi pamene obwera kumene amaphonya. Nambalayi ikutanthauza kuti pa maulendo 1,000 amene anaima kuti amenye, anamenya mpira n'kufika pa base osatulutsidwa ka 278. Musati ankalephera. Pa masewerawa wofika .300 ndi katswiri weniweni, choncho .278 pa zaka 19 ndi ntchito yolemekezeka.

China, musamutchule kuti "coach" monga timachitira kumpira wamiyendo. Iye anali manager: amasankha osewera a tsikulo, ndondomeko yomenyera, ndi nthawi yochotsa pitcher (woponya mpira) akatopa. Kugula ndi kugulitsa osewera ndi ntchito ya general manager. Mukadzudzula Baker chifukwa cha wosewera amene timu inagulitsa, onse adziwa kuti ndinu mlendo.

Anayamba ngati coach ku Giants mu 1988, nakwezedwa kukhala manager mu 1993. Kenako Cubs, Reds, Nationals, pomaliza Astros kuyambira 2020 mpaka 2023. Ku Nationals ya ku Washington anapambana masewero 95 mu 2016 ndi 97 mu 2017, koma sanamupatsenso kontrakiti, chifukwa timu inkagwa ikangolowa m'ma playoff a mu Okutobala, masewero ochotsana olimbirana chikho. Mwa masewero 162 a pachaka, kupambana 97 si zamasewera ayi, ndipo ambiri amaonabe kuti anamulakwira.

Samalani ndi nkhani ya 2017, pamene Astros ankaba zizindikiro zamanja zimene osewera a matimu ena amapatsana mwachinsinsi pogwiritsa ntchito kamera. Baker sanalipo. Anabwera mu Januwale 2020 manager A.J. Hinch atachotsedwa chifukwa cha nkhaniyi, kudzakhazika mitima pansi. Ku Houston musaiyambitse ndinu. Ku Los Angeles ikadali chilonda, poti Dodgers ndi amene anagonja kwa Astros mu World Series ya 2017.

Tsiku lopita ku Daikin Park, bwalo la Astros limene kale linali Minute Maid Park, tikiti ikhale pafoni, tengani khadi la kubanki, ndipo onani kaye kukula kwa chikwama chololedwa pageti. Patulani maola atatu. Pakati pa inning (gawo la masewero) yachisanu ndi chiwiri anthu onse akaimirira n'kuyamba kuimba, imirirani nawo, masewero sanathe.