Tomato akuwauka masamba, kapinga akufiira: mlangizi ayankha

Bambo wina wa ku Chipoka wafunsa kuti: "Ndinaokera tomato mu Okutobala. Mvula itangoyamba, masamba a m'munsi achita madontho akuda, kenako akuuma ngati apsa ndi moto. Ndimathirira ndi kheni madzulo aliwonse, ndipo ndinathira Urea kuti abiriwire. Nditani?"

Bambo, mlanduwu mwauulula nokha. Mvula ikugwa, inu mukuthiriranso madzulo, madziwo mukuwaza pamasamba. Kuno kunyanja usiku kumatentha, chinyontho chili tho, ndiye tsamba likagona lonyowa mpaka m'mawa mwaliyalira mphasa matenda. Urea nayenso wangokulitsa masamba ofewa, othinana, mphepo osadutsa. Sindinafike m'dimba mwanu, koma chimenecho ndi chiwawu. Thyolani tsamba limodzi muliyang'ane bwino: mkati mwa dontho muona mizere yozungulira, m'mbali mwake muli chikasu.

Ndikukayikiranso mabedi anu. Ambiri m'madimba a kuno amakumba mabedi olowa pansi nthawi ya chilimwe kuti madzi asathawe, ndipo amachita bwino. Cholakwa n'kulowa nawo m'dzinja mabedi omwewo. Chaka china ndinayendera alimi m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, mu Januwale, ndinapeza tomato ataima m'madzi ngati mpunga wa ku Lifuwu. Palibe amene anakolola ngakhale dengu limodzi. Tomato wa dzinja amafuna bedi lokwera, masentimita 20 kapena kuposerapo, mbande zotalikirana masentimita 60.

Lero lomwe, dulani masamba onse odwala, makamaka ogunda pansi, mukawakwirire kutali ndi dimba. Musawaponye pa kompositi. Zikani mitengo mumangirire tomatoyo. Mukatero phimbirani pansi ndi udzu wouma kapena mapesi a mpunga. Anthu amandiseka kuti ndimangonena za kuphimbira, koma matendawa amakwera ndi matope amene mvula imathovutsira pamasamba, ndiye mukaphimba dothi mwawatsekera njira. Udzu sugulidwa.

Mankhwala ake ndi Dithane M45 kapena Copper oxychloride. Poperani m'mawa mame atauma pamasamba, masiku 7 aliwonse, motsata muyeso wolembedwa papaketi, ndipo muwerenge masiku oyenera kudikira musanathyole. Dziwani kuti amangoteteza masamba amene sanagwidwe. Louma kale silidzukanso. Nimu amene wadzaza m'misewu ya Salima muno ndi wa nsabwe za m'masamba, chiwawu sachitha kwenikweni. Chaka chamawa pamalo amenewo pasabwerenso tomato, biringanya kapena tsabola, chifukwa onsewa ndi pachibale. Dzalanipo chimanga kapena khobwe.

Mayi wina wa ku Senga Bay akuti kapinga wa pakhomo pawo wafiira, pena payera mbee, chonsecho mnyamata amatchetcha sabata iliyonse ndipo amasesa bwinobwino.

Mayi, mnyamatayo akumeta mpala. Chikwakwa chikamafika pa dothi, kapinga amatsala mizu yokha padzuwa la Okutobala, pamchenga wa ku Senga Bay umene sugwira madzi n'komwe. Amusiye atalike ngati chala chanu chapakati, ndipo potchetcha azingodula nsonga. Kuseserako nakonso chepetsani, timasamba todulidwato tikawolera pomwepo ndi chakudya cha kapingayo.

Pomwe payerapo kumbani pang'ono ndi khasu. Mukapeza chiswe kapena mbozi zoyera zopindika zimene zimadya mizu, mwapeza wakuba. Mukapanda kupeza kanthu, ndi njala ndi ludzu chabe. Tipulani, sakanizani dothilo ndi manyowa a mbuzi owolerana bwino, ndowa imodzi pa mita imodzi mbali zonse, mudule timizere ta kapinga pomwe wachuluka muokere mvula ikakhazikika mu Disembala. Manyowa aawisi ayi, amaitana chiswe chomwecho komanso amabwera ndi njere za udzu wina. Mvula ikadukiza, thirirani m'mamawa, kawiri pa sabata koma madzi alowe ndithu, osati kongowaza tsiku ndi tsiku kumene ndimakuona m'makomo ambiri.