Kwa achimwene amene tsiku likukutalikirani

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga, ndi mayankho a anzathu omwe. Mwati munamaliza koleji chaka chatha, mukukhala kwa achemwali anu ku Area 25, makalata ofunsira ntchito mwatumiza mpaka mwatopa, ndipo anthu a m'nyumba akangochoka m'mawa dzuwa limakhala ngati laima. Mumagwira foni mpaka bandulo kutha, kenako n'kumangoyang'ana kudenga. Mukufunsa kuti munthu angatani kuti asamaboweke chonchi, komanso ngati mtima ungakhale m'malo pamene anzako onse akuoneka kuti zawo zikuyenda.

Amene akuti yambani kageni sanalakwe, amene akuti limbikirani kupemphera sanalakwenso. Koma mwanena kale kuti mpamba mulibe, ndipo kutchalitchi mumapita. Ine ndilankhula za maola amene amatsala munthu akachita zonsezo, chifukwa ngakhale geniyo mutaiyamba mawa, mudzakhalabe pabenchi maola ambiri kudikira makasitomala, ndipo kunyong'onyeka komweku kudzakupezani pomwepo.

Kusowa chochita ndi gawo chabe la vuto lanu. Alipo anthu a ntchito zapamwamba amene amayang'ana wotchi kuyambira 8 koloko m'mawa. Chimene chimapweteka n'chakuti thupi lili pano koma mtima uli kwina. Inu mwakhala pakhonde, koma maganizo ali pa tsiku limene adzakuimbireni foni kuti bwerani ku intavyu, kapena ali pa mnzanu amene munkakhala naye desiki imodzi, amene dzulo anaika chithunzi atatsamira galimoto. Muli ngati munthu amene wakwera minibasi yodikira kudzaza pa depoti: saona chilichonse chimene chikuchitika panja, amangowerenga mipando yotsala, ndipo mphindi khumi zimamutalikira kuposa ulendo weniweniwo. Lero simukuliwerengera ngati tsiku la moyo wanu. Mwatsimikiza mumtima kuti moyo udzayamba ntchito ikadzapezeka.

Zimenezi anthu ena anaziyeza. Mu 2010 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni. Foni inkalira nthawi iliyonse n'kufunsa munthu kuti ukuchita chiyani, ukuganiza za chimene ukuchitacho kapena za kwina, nanga ukumva bwanji. Pafupifupi 47 peresenti ya nthawi, maganizo a anthu anali kwina. Chimene chinandigwira mtima ine ndi ichi: munthu akamaganiza za zinthu zosautsa kapena zongoti zilizonse, chimwemwe chake chinkatsika, koma ngakhale akamalota zinthu zokoma sankasangalala kuposa amene maganizo ake anali pa ntchito imene ili m'manja. Inde, ofunsidwawo ambiri anali a ku America okhala ndi mafoni odula, osati mnyamata wa ku Lilongwe amene akudikira ntchito. Komabe mudziyese nokha. Kodi mukatha ola lathunthu mukumanga nyumba m'maganizo ndi malipiro amene simunayambe kulandira, mumadzuka pampandopo muli wopepukidwa kapena wolemedwa?

Za foni ndinene mosabisa. Foni imangoimitsa kunyong'onyeka kwa kanthawi, ndipo bandulo ikatha kumabwerera ndi mphamvu zoposa poyamba. Masamba amene mumakokera m'mwamba ndi chala anapangidwa dala kuti asakhale ndi mathero. Amene anayambitsa kachitidwe kameneka mu 2006, Aza Raskin, anadzanena yekha poyera kuti akumva chisoni ndi mmene kakudyera nthawi ya anthu. Mtima ukazolowera kulandira chatsopano pa masekondi ochepa alionse, khonde la kwa achemwali limaoneka lopanda moyo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo m'bale amene wayankha kuti muzisewerako kandege kobetcha kaja kuti tsiku lidutse, ndikupempha kuti mumuthokoze n'kumusiya. Munthu woboweka amene ali ndi K2,000 ya achemwali m'foni ndiye nyama imene masewera amenewo amasaka.

Musadzione ngati wofooka chifukwa choti kukhala phee kukukuvutani. Mu 2014 Timothy Wilson ndi anzake a ku yunivesite ya Virginia anaika anthu m'chipinda chopanda foni, chopanda buku, kwa mphindi 15 zokha, kuti akhale ndi maganizo awo basi. M'chipindamo munali batani loti ukalidina magetsi amakugwira pang'ono. Anthuwa anali atalawa kale ululu wake ndipo ananena kuti akhoza kulipira ndalama kuti asaumvenso. Koma pa amuna 18, amuna 12 anadina batanilo okha. Pa akazi 24, anadina ndi 6. Munthu amalolera kudzipweteka kusiyana ndi kungokhala. Ndiye pamene dzanja lanu likuthamangira m'thumba kufuna foni imene mukudziwa kuti mulibe bandulo, dziwani kuti ndi mmene tonse tilili.

Ine zimenezi ndinaziphunzirira pageti. Ndisanapeze ntchito imene ndili nayo pano ndinkagwira ya ulonda wa usiku, 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, ndili ndi jekete, tochi, wezulo ndi kawailesi kamene mabatire ake ankatha pakati pa mwezi. Poyamba usiku unkandizunza. Ndinkawerenga ngongole zanga, n'kuzibwereza, n'kukangana mumtima ndi anthu amene anali mtulo kwawo. Koma mlonda amalipidwa kuti azimvetsera, ndipo kumvetsera kumeneku ndi kumene kunandithandiza. Ndinayamba kusiyanitsa kuuwa kwa galu amene waona munthu ndi kwa galu amene akungoyankha mnzake wa kutsidya. Ndinazindikira kuti malata amalira okha akamazizira pakati pa usiku, ndipo si mapazi a munthu. Nkhululu zimaleka kulira ukaziyandikira, n'kuyambiranso ukadutsa. Mu June kuzizira kwenikweni kumafika kutatsala pang'ono kucha, kumayambira ku zala za kumapazi. Kenako tambala woyamba, kuitana kwa ku mzikiti, minibasi yoyamba, ndi fungo la mafuta a amayi amene ayamba kukazinga mandasi kudakali mdima. Maola anali 12 omwewo, malipiro anali ochepa omwewo, koma usiku unasiya kukhala chinthu chimodzi chachitali chopanda kanthu. Unadzaza ndi tinthu timene tinalipo kale ine ndisanayambe kutchera khutu.

Inu simuli pageti, ndiye yambani ndi chimene chili pakhomopo. Auzeni achemwali kuti nsima ya madzulo muziphika ndinu, ndipo foni muziisiya kuchipinda. Poyatsa mbaula onani mmene moto umagwirira khala loyamba, mmene limafiirira m'mphepete musanakupize. Ikani chala m'madzi mumve kuti afunda mokwanira kuthira ufa. Phala likayamba kubwata mvetserani phokoso lake, chifukwa limasintha likamapsa, ndipo fungo la ufa wauwisi limachoka. Povundula imvani kulemera kwa mthiko pamene nsima ikulimba, kutentha kwa nthunzi pa dzanja, mkono kuwawa. Pakati pa zonsezi maganizo adzathawa ndithu, adzapita kwa bwana amene sanayankhe imelo yanu. Mukazindikira kuti apita, musadzikalipire. Ingonenani mumtima kuti "apitanso", n'kubwerera kwa mthiko. Kuzindikira ndi kubwerera kumeneko ndiye ntchito yonse. Tsiku loyamba mwina mudzabwerera kambirimbiri nsima isanapse, ndipo zimenezo sizikusonyeza kuti mwalephera. Ndi mmene luso lake limalowera.

Mukatero mudzakhalanso mwawapeputsa achemwali akamachokera kuntchito, ndipo munthu wosungidwa akamathandiza pakhomo ngakhale mbale yake imamukomera bwino. Koma izo n'zapambali.

Kachitidwe kameneka ndi kamene azungu amakatcha mindfulness. Kanachokera ku miyambo yakale ya Abuda ya kusinkhasinkha, ndipo mu 1979 Jon Kabat-Zinn anakalowetsa m'chipatala cha yunivesite ya Massachusetts ngati maphunziro a odwala amene ululu wawo sunkamva mankhwala. Limodzi mwa maphunziro oyamba ndi kudya kampesa kouma kamodzi pang'onopang'ono, kukayang'ana, kukanunkhiza, kukamva palilime. Inu yesani ndi mtedza umodzi wokazinga. Ndikudziwa kuti ena muno ati zimenezi ndi zachipembedzo chachilendo. Palibe amene akukuuzani kuti mugwadire chilichonse kapena musiye mpingo wanu. Kumva kukoma kwa mtedza umene ukutafuna si chipembedzo. Ndipo kwa ife owerenga Baibulo, Mateyu 6:34 amanena kale kuti tisadere nkhawa za mawa chifukwa tsiku lililonse lili ndi zovuta zake zokwanira.

Chinanso choti muyese ndi ichi. Kuboweka kukafika, musakuthawe kwa mphindi zisanu zokha. Khalani pansi mufufuze kuti m'thupi kuli pati. Ena amakumva ngati kulemera pachifuwa, ena miyendo imafuna kudzuka, ena maso amauma, ena amangoyasamula. Mukakuyang'anitsitsa mudzaona kuti sikukhala chimodzimodzi, kumakwera n'kutsika. Nthawi zambiri pansi pake pamakhala china: manyazi oti mukudya za achemwali, mantha oti zaka zikupita, kapena kusungulumwa chifukwa anzanu a ku koleji anabalalika. Zimenezo zili ndi mankhwala osiyanasiyana. Kusungulumwa sikutha ndi kukhala wekha n'kumapuma mozama ayi, kumafuna anthu. Pitani pabawo, ku kwaya, ku mpira wa madzulo pagalaundi, kapena kaphunzitseni masamu ana a aneba amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8. Mukapitako, mukhale komweko ndi mtima wonse.

Tsopano za kukhutira, chifukwa ndikuona kale wina akulemba kuti ndikuphunzitsa achinyamata kugona pa umphawi. Ayi. Kukhutira ndi lero sikutanthauza kuleka kufuna ntchito. Ulova ndi vuto lenileni, ndipo palibe kupuma mozama kumene kungakulembeni ntchito kapena kutsitsa mtengo wa thumba la chimanga. Paulo pamene ankalembera Afilipi kuti waphunzira kukhutira ndi zimene ali nazo anali m'ndende, ndipo sananene kuti ndendeyo ndi yabwino. Ananena kuti waphunzira, kusonyeza kuti sanabadwe nazo. Chimene ine ndikukulangizani n'choti kufuna ntchito mukupatse malire ake. Sankhani maola awiri kapena atatu m'mawa mutu ukadali wozizira. Onani malonda a ntchito m'nyuzipepala ndi pa intaneti, konzani CV, imbani mafoni, yendani kumene muyenera kuyenda, chitani zonse ndi mphamvu. Nthawi ikakwana tsekani. Nkhawa ya ntchito ikabwera 3 koloko masana, iuzeni kuti nthawi yake ndi mawa m'mawa, ndipo ngati yabwera ndi ganizo lothandiza lilembeni papepala. Kudera nkhawa tsiku lonse kumapusitsa, chifukwa munthu amatopa ngati wagwira ntchito pamene palibe kalata ngakhale imodzi imene yawonjezeka.

Musayembekezere kuti sabata imodzi isintha zonse. Masiku ena mudzaphika nsima mtima uli ku Kanengo kuyambira poyatsa moto mpaka poomola, ndipo palibe mlandu. Ndiponso si aliyense amene kukhala phee kumamuyanja. Munthu amene anakumana ndi zoopsa m'mbuyomu, kutseka maso n'kukhala chete nthawi zina kumamudzutsira zithunzi zowawa. Ngati ndi choncho kwa inu, chitani zomwezi mukuyenda, maso ali otsegula, mukumva phazi likuponda pansi ndi kuona zimene zili m'mbali mwa msewu.

Pali mawu amodzi m'funso lanu amene sindikufuna kuwalumpha. Mwati ngakhale mpira umene munkaukonda simukuufunanso. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa palibe chimene chikukusangalatsani, tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, mukudziona wopanda pake, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kubwera, kumeneko sikuboweka wamba. Akhoza kukhala matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. A St John of God, amene amathandiza odwala matenda a maganizo, ali ku Lilongwe komweko ndi ku Mzuzu, ndipo pa chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi akhoza kukuuzani koyenera kupita. Auzeni achemwali anu usiku uno mmene mukumvera, mwa mawu omwewo amene mwalemba muno, ndipo ngati kupita nokha kukukulemerani muwapemphe akuperekezeni.