Za khutu la alamu lomwe likumva phokoso mopitirira

Achemwali, voice yanu ija ndaimva. Mukuti chikhotereni pakamwa pa alamu, kuchipatala n'kunena kuti ndi Bell's palsy, matenda ofooketsa mbali imodzi ya nkhope, tsopano akudandaulanso kuti khutu la mbali yomweyo likuwasokosa, mbale zikangogundana akugwira mutu. Ndiye mukufunsa ngati kwabweranso matenda ena a m'khutu. Ayi, mtima m'malo, ndi omwewo.

Onani, kuseri kwa kachikopa kamene kamanjenjemera mawu akalowa m'khutu kuli tifupa titatu tolumikizana. Komalizirako amakatcha stapes, ndipo palibe fupa laling'ono kuposa ako m'thupi monse, mamilimita ngati 3 basi. Ndi kamene kamakankha timadzi ta mkatikati mwa khutu kuti munthu amve. Tsono pakafupako pagwira kamnofu kotchedwa stapedius, nakonso kochepetsetsa pa minofu yonse yokoka mafupa. Ntchito yake ndi buleki. Phokoso likakula kamadzikoka kokha, osachita kukauza, n'kukagwira kafupa kaja kuti kasagwedezeke kwambiri. Chimene chimandisangalatsa ine, phokoso likalowa khutu limodzi, timinofu ta makutu onse awiri timakoka limodzi. Ngakhale inu mukamayamba kulankhula kamagwira, kuti mawu anu omwe asakubooleni m'mutu.

Ndiye apa ndi pamene pali nkhani. Mtsempha umene umalamula kamnofuka ndi nthambi ya facial nerve, womwe uja umatsinzinitsa diso ndi kusekerera. Umadutsa m'kanjira kothina m'fupa la pakhutu, ukatupa umapanikizika, uthenga osadutsa. Tsaya lagwa, diso likukana kutseka, nako kamnofu kam'khutu kagona. Mbale zija zikulira mmene zimalirira masiku onse, kungoti kwa iwo zikulowa popanda chozichepetsa. Ena mpaka kutsogolo kwa lilime mbali yomweyo samva kukoma bwino, muwafunse mumve.

Ambiri amayamba kusintha pakatha masabata ngati 3, ena zimatenga miyezi ndithu, ndipo khutu limabwerera limodzi ndi nkhope. Mankhwala anawapatsawo amalize. Zomangokhala atatsekera thonje m'khutu tsiku lonse, ine sindingawalimbikitse, khutu limazolowera zii ndiye phokoso limadzawawa koposa. Ingowauzani anawo achepetse wailesi. Chimene ndikuopa ine ndi diso, osati khutu. Diso losatseka limauma n'kuchita zilonda, ndiye mankhwala odontheza aja asamaiwale, usiku azilitseka monga anawaonetsera. Koma mukangoona mkono kapena mwendo wafooka, kapena akusokoneza mawu, musandiimbire ine kaye, thamangani nawo kuchipatala, izo zingakhale za sitiroko.

Eya, ndisanaiwale, poti achimwene a kuchigayo alinso pagulu pompano. Kamnofuka kamachedwa pang'ono kugwira, choncho phokoso ladzidzidzi ngati la mfuti limakapitirira, komanso kamatopa phokoso likakhala la tsiku lonse. Inu achimwene, gulani zotseka m'makutu zija, musamati ndazolowera.