Ingopitani mukakhale naye

Achemwali, mwafunsa kuti mukanene chiyani kwa mnzanu amene wataya mwana, poti mukuopa kulakwitsa. Ingopitani. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu (Yobu 2:13). Anadzalakwa atayamba kumufotokozera chifukwa chimene ankavutikira.

Chonde musathamangire kunena kuti "ndi chifuniro cha Mulungu." Chilonda chikadali chachiwisi, mawu amenewa amabaya. Bambo anga atamwalira, amene sindiwaiwala ndi mayi ena omwe anangondigwira dzanja nthawi yaitali, kenako n'kukatsuka mbale zomwe zinali zitaunjikana.

Akalira, lirani naye. Yesunso analira Lazaro atamwalira. Mudzapitekonso pakatha mwezi, anthu atabalalika, nyumba ili zii, ndipo musadzaope kutchula dzina la mwanayo.