PlayStation kapena ka kompyuta ka pa TV, muode chiti?

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi kampamba pang'ono mukufuna kuyamba kubweretsa zida za ma game kuno ku Lusaka, koma mwamva zoti tima kompyuta tolumikiza ku TV ya pabalaza, monga Steam Machine ija, tithetsa PlayStation ndi Xbox, ndiye mukufunsa kuti muode chani komanso geniyi imayenda bwanji. Ndikuuzani kuchokera pa zomwe timaona ife onyamula makatoni pa boda.

Muyambe mwadziwa amene amagula. Ambiri amaganiza kuti ndi ana a ku Kabulonga ndi ku Ibex, eya aliko, koma amenewo bambo awo amawagulira ku Manda Hill kapena akapita kunja amabwera nayo okha. Amene amatidyetsa ife ndi mnyamata wa ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero, ku Mtendere, amene wachita lendi kachipinda, waika ma TV atatu ndi mabenchi, anthu akulipira pa game iliyonse kuyambira m'mawa mpaka usiku. Iyeyo funso lake ndi limodzi basi, mpira umasewera? FIFA inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC koma ku komboni mpaka lero aliyense amangoti FIFA, pamwamba pake Mortal Kombat, GTA, mwina Call of Duty. Chida chilichonse chomwe mwabweretsa ngati sichitsegula mpira chikhala pa shelefu mpaka fumbi.

Ndiye apa ndi pomwe nkhani ya Steam Machine imagwera. A Valve, kampani yomwe ili ndi Steam, sitolo ya ma game a kompyuta ya pa intaneti, anailengeza mu November 2025, kabokosi kakang'ono ka chip ya AMD, RAM 16GB, akuti mphamvu zake zimaposa ka 6 za Steam Deck, kachida kawo kosewerera m'manja, kokongola ndithu sindikana. Koma kamayendera SteamOS yomwe ndi Linux, ndipo ma game ambiri akuluakulu a pa intaneti ali ndi anti-cheat, pulogalamu yoletsa chinyengo posewera, yomwe siilola Linux. Mpira wa EA kuyambira FIFA 23 suyenda pa SteamOS, Fortnite ayi, Call of Duty zatsopanozi ayi, GTA Online nayo inasiya kuyenda pa Steam Deck mu 2024 atayikamo anti-cheat ya BattlEye. Mukhoza kuikamo Windows, inde, koma mukatero mwabwerera ku kompyuta wamba ya ma driver ndi ma update, kasitomala azikuimbirani 22 hours kuti boss sikirini yada. Komanso GTA VI yomwe aliyense akuidikira a Rockstar anailengeza ya PS5 ndi Xbox Series, za PC sanatchule. Ndipo aka si koyamba, mu 2015 a Valve anatulutsa ma Steam Machine pamodzi ndi Alienware ndi makampani ena, zinakanika, pofika 2018 nkhani yake inali itazirala. Pano zinthu zasintha chifukwa Steam Deck ya 2022 inaonetsa kuti ma game ambiri a Windows amayenda bwino pa Linux kudzera pa pulogalamu yawo ya Proton, ndiye ku Europe ndi ku America kwa anthu omwe ali kale ndi ma game mazana pa akaunti ya Steam, kabokosika kali ndi tsogolo. Kuno ndi anthu angati ali ndi library ya Steam?

Pa mtengo naponso console imapambana. PS5 inatuluka November 2020 pa $499 ya disiki ndi $399 yopanda disiki, Xbox Series S pa $299. Sony imatha kugulitsa chidacho pa phindu lochepa kwambiri chifukwa imadziwa kuti idzadya pa game iliyonse yomwe mugule komanso pa PlayStation Plus. A Valve eniake ananena kuti mtengo wa kabokosi kawo udzafanana ndi wa PC ya mphamvu zofanana, osati wa console, ndiye onjezani kuti kumapeto kwa 2025 RAM inakwera mtengo moopsa chifukwa makampani a AI akuikokera yonse. Ma console nawonso akwera, PS5 ku America inafika $549 mu August 2025, zachilendo chifukwa kale chida chikamakalamba mtengo unkatsika, koma ngakhale zili choncho kumanga PC yofanana nayo kumadya zambiri.

Za mayendedwe tsopano. Njira zathu ndi zitatu. Johannesburg pa basi kuchokera pa Intercity, kudzera Chirundu, Harare, Beitbridge, kapena Livingstone ndi mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa 2021, ambiri tinasamukira kumeneko chifukwa Botswana imadutsika msanga. Dar es Salaam kudzera Nakonde, ku Kariakoo kumapezeka ma pad, zingwe, ma charger ndi tina tambirimbiri ta ku China. Ndi Dubai, ku Deira, uko ndi kwa ma console atsopano ndi ogwiritsidwa kale, mumapereka kwa a cargo amalipiritsa pa kilo. Pa kilo pamenepo ganizirani bwino, PS5 Slim ndi makilo atatu ndi kanthu, pamene kompyuta ya ma game yathunthu ndi case yake ya galasi imalemera kangapo kuposa apo ndipo galasilo pa msewu wa Nakonde mukudziwa kale. Ngati mwanyamula PC pa basi chotsani graphics card muikulunge payokha, ikakhala momwemo imagwedezeka mpaka kuthyola slot ya motherboard. Steam Deck ndi zina za batire mkati zimayenda nanu m'manja pa ndege, a cargo ambiri amavuta nazo.

Pa boda musanamizidwe ndi nkhani ya STR ya COMESA ija ya ochita malonda ang'onoang'ono, imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a COMESA yemwe ali pa mndandanda, PlayStation siimo. Mudzalipira duty ndi VAT ya 16 peresenti, ndipo VAT imawerengedwa pamwamba pa mtengo, transport ndi duty zonse pamodzi, anthu atsopano amaiwala zimenezi kenako nkumadabwa phindu lapita kuti. Khalani ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho, khalani ndi ma invoice enieni, chifukwa mukalemba mtengo wabodza ofisala amangotsegula foni nkuona mtengo weniweni, akuikirani wake. Chinanso, pa buku la kasitomu console ili pa code 9504 pamene kompyuta ili pa 8471, msonkho umatsatira code, ndiye kabokosi kooneka ngati console koma mkati ndi kompyuta mufunse clearing agent wanu musanalipire ku shopu, osati katundu ali kale pa sikelo. Mukagula ku South Africa pemphani tax invoice yolembedwa bwino, VAT yawo ya 15 peresenti alendo amatha kuibweza potuluka, pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg pali ofesi yake.

Ndipo dollar. Kumapeto kwa 2024 inali cha m'ma K27, K28, kenako kwacha inalimba. Amene anaoda dollar ili pamwamba nkusunga katundu anagulitsa molira. Zida izi musamazisunge, ziziyenda.

Magetsi ndi nkhani ina yomwe a YouTube sangakuuzeni. Mu 2024 madzi atatsika ku Kariba malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, eni ma game shop anagula ma invata ndi majenereta, ndipo kuyambira pamenepo kasitomala amafunsa kuti chimadya magetsi bwanji. PS5 ikamasewera imadya cha m'ma watt 200, PS4 Slim yochepera apo, PC yamphamvu imatha kudya kawiri kapena kuposa. Ndichifukwa chake mpaka lero PS4, chida cha 2013, imayendabe kuposa china chilichonse pa Town Centre ndi pa Katondo Street, ndi Corolla ya ma game, wokonza foni aliyense amadziwa kuisintha HDMI port ndi kuitsuka fan. Ubwino wake ma PS4 ndi PS5 amalandira magetsi a 100 mpaka 240 volts, ya ku America kapena ku Japan mumangosintha chingwe basi.

Bandulo nayo. Game imodzi ya masiku ano imatha kupitirira 100GB. Pa Steam palibe disiki, zonse ndi kudawuniloda, ndipo game ukaigula yamamatira pa akaunti yako sungaigulitse kwa mnzako. Starlink inabwera mu 2023 ndipo ena ali ndi fibre, koma wa ku Garden compound akudalira bandulo ya pa foni. Disiki ya PlayStation munthu amasewera, watopa nayo, amabwera kudzasinthitsa nkuwonjezera kandalama, inu mwaigulitsanso kwa wina, disiki imodzi imakudyetsani kangapo. Ichi ndichifukwa chake ine PS5 yopanda disiki ndi Series S ndimazibweretsa pokhapokha munthu wachita kuitanitsa. Kunena zoona phindu la geniyi silili pa console, pamenepo mpikisano ndi waukulu aliyense amadziwa mtengo. Lili pa ma pad, chifukwa ku game shop pad imafa ndi drift, kandodo kake kumayenda kokha osakagwira, pa miyezi yochepa, lili pa ma disiki, zingwe za HDMI, ndi ma voucher. Za ma voucher oikira ndalama pa akaunti, Zambia siili pa mndandanda wa maiko a PlayStation Network (PSN), anthu amatsegula ma akaunti a South Africa, UK kapena America, ndipo voucher imagwira pa akaunti ya dziko lake lokha. Ma disiki amasewera pa console ya dziko lililonse koma zoonjezera za mkati zimafuna akaunti ya chigawo chomwe disikiyo inachokera, mufunse kasitomala akaunti yake musanamugulitse.

Pogula za second hand musathamange ngakhale wogulitsa akuti basi ikunyamuka. Iyatseni, ikani disiki, isewere kanthawi ndithu mumve fan ngati ikulira ngati ndege, gwedezani chingwe cha HDMI muone ngati chithunzi chikuthawa, onani ma screw ngati inatsegulidwapo, ndipo chachikulu ilumikizeni ku intaneti mulowe PSN, chifukwa console yomwe Sony inaitsekera kuti isalowe pa PSN palibe angaikonze. Zija zodzaza ma game a ulere mkati zimakopa, koma sizilowa online ndipo ikangochita update zonse zapita, kasitomala abwerera kwa inu.

Sindikuti PC ilibe msika. Alipo ana a ku UNZA, anyamata opanga nyimbo ndi ma video, ojambula mapulani a nyumba, amenewo amafuna chida chimodzi chogwirira ntchito masana nkusewerera usiku, ndipo amadziwa zomwe akufuna mpaka nambala ya graphics card. Koma iwowo amaika pa tebulo osati pabalaza, ndipo ambiri amasankha laputopu ya ma game chifukwa ili ndi batire malaiti akapita. Amenewo ndimawachita pa oda, alipire theka kaye, ndikagule ndendende chomwe alemba, ndipo ndimawauziratu kuti walanti ili kudziko komwe chagulidwa. Steam Machine nayo ndidzaichita chimodzimodzi, wina akaifuna aike deposit. Tsiku lomwe EA idzalole mpira wake pa SteamOS ndidzaganizanso.

Ndiye ndi mpamba wanuwo, ulendo woyamba tengani ma PS4 Slim awiri kapena atatu oyesedwa bwino, PS5 ya disiki imodzi ngati ndalama yalola, yotsalayo ithere pa ma pad enieni ndi ma disiki a mpira wa chaka chino. Ma pad abodza adzaza, oneni kulemera kwake ndi zolembedwa kumbuyo. Musananyamuke zungulirani ma game shop a kwanuko mutenge manambala a eni ake, muwafunse chomwe chawafera sabata ino, ndipo ndalama ya msonkho muisunge payokha isasakanikirane ndi yoodera.