Mwezi wa mbiri ya anthu akuda ukutikhudza nafenso

Achimwene, mwafunsa ngati mwezi wa February wokumbukira mbiri ya anthu akuda uli ndi ntchito kwa ife kuno, kapena ndi nkhani ya aku America okha. Unayambira kwawoko, inde, koma mbali ina ya mbiri imeneyo inachitikira ku Chiradzulu.

Anauyambitsa ndi Carter G. Woodson, mwana wa makolo amene anali akapolo. Ali mnyamata ankakumba malasha m'migodi ya ku West Virginia, komabe mu 1912 anamaliza maphunziro apamwamba a mbiri yakale ku Harvard. Chinkamupweteka mtima n'chakuti mabuku a kusukulu ankasimba za dziko lake ngati kuti munthu wakuda sanachitepo kanthu. Mu 1926 anapatula sabata yachiwiri ya February, nthawi yokumbukira kubadwa kwa Abraham Lincoln, pulezidenti amene analamula kuti akapolo amasulidwe, ndi Frederick Douglass, munthu wakuda amene analimbana ndi ukapolo, ndipo mu 1976 sabatayo inasanduka mwezi wathunthu. Ku Britain amachita mu October.

Ndiye taonani za kwathu. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira pa sukulu ya Abaptisti akuda ku Lynchburg, Virginia. Atabwerako mu 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, thandizo linkachokera ku National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda amene ambiri mwa iwo anabadwira muukapolo. Anthu osauka, otsekeredwa mwayi wovota kwawo, n'kumasonkha ndalama zomangira sukulu kuno! Anatumizanso amishoni akuda, Landon Cheek ndi mayi Emma DeLany.

Mayi DeLany ndi amene amandidandaulitsa kuti sitiwatchula. Ankaphunzitsa amayi ndi atsikana pa mishonipo, ndipo mwana wawo wa sukulu, Daniel Malikebu, anawatsatira ku America n'kukaphunzira udokotala ku Meharry, komwe a Kamuzu anadzaphunziranso pambuyo pake. Atsamunda atagumula tchalitchi cha Mbombwe pa kuukira kwa 1915, ndi Malikebu amene anabwera kudzatsegulanso mishoniyo mu 1926.

Pa 15 January timakumbukira Chilembwe ngati kuti analimbana ndi thangata yekhayekha, wopanda womuphunzitsa kapena womugwira mkono. Ine ndikanakonda kuti aphunzitsi a mbiri atenge February kuuza ana za DeLany, Cheek ndi Malikebu, ndipo sukulu za pafupi zipite nawo anawo ku PIM akaone okha malowo.