Makina otsukira mbale adzazeni, koma madzi aone njira

Achemwali a ku Senga Bay, ndawerenga funso lanu. Mwati mwana wanu wa ku Johannesburg anakutumizirani makina otsukira mbale, koma mukawadzaza Lamlungu alendo atapita, mbale zimatuluka nsima ili m'mbalimu, matambula ali mbuu, ndipo bambo akunyumba akuti muziika theka lokha chifukwa mukuwalemetsa. Mukufuna kudziwa ngati makinawa amalephera akadzaza. Ndaona ena m'gulu muno akuyankhani kale kuti ingotsukani pamanja, tinazolowera thandala ife. Komatu inu simunafunse zimenezo, ndipo makinawo ali kale m'khitchini mwanu. Ine ndili kuno ku Salima komwe, cha ku Kamuzu Road, ndipo ndakhala ndi makina otere zaka zinayi, ndinagula kwa banja lina lomwe linkasamuka.

Bambowo muwauze mwaulemu kuti apa alakwitsa pang'ono. Makinawa anawapanga kuti azigwira ntchito atadzaza. Aakulu aja a masentimita 60 m'lifupi amawalemba kuti amatenga ziwiya za anthu 12 mpaka 14, ang'ono a masentimita 45 amatenga za anthu 9 kapena 10. Pa pulogalamu ya Eco, yosunga madzi ndi magetsi ija, amamwa madzi pafupifupi malita 10 kapena 12, ndowa ya malita 20 sikutha n'komwe, ndipo magetsi amadya pafupifupi yuniti imodzi. Muike mbale zisanu, muike makumi anayi, madziwo ndi magetsiwo zimasiyana pang'ono chabe. Ngakhale batani lija la half load, lotsukira mbale zochepa, silidula pakati ayi, limangochotsako pang'ono. Ndiye mukamatsuka theka kawiri, mayunitsi anu ndi amene alire, komanso sopo wake mudzagula kawiri, uku sopoyo ife timakamugula ku Lilongwe.

Vuto lanu lili pa kaikidwe. Kudzaza ndi kuunjika n'zosiyana, ndipo kuti mumvetse, yambani mwaona mmene makinawa amatsukira. Ambirife timaganiza kuti m'katimo mumadzaza madzi mpaka m'mwamba, mbale n'kumira ngati m'beseni. Sizitero. Amatunga timadzi tochepa, malita atatu kapena anayi panthawi, timakhala pansi penipeni. Pampu imawakankhira m'mikono ija yapulasitiki yokhala ndi timabowo, wina pansi pa dengu la m'munsi loikamo mbale, wina pansi pa dengu la m'mwamba. Mikonoyo ilibe mota, imazungulira ngati fani chifukwa cha mphamvu ya madzi otuluka m'timabowomo. Madzi amenya mbale, agwera pansi, adutsa pa sefa, pampu iwatenganso, choncho mobwerezabwereza. Mulibe siponji m'menemo, mulibe dzanja loti litembenuze mbale. Pamene madzi ochokera pansi sanafike, pamenepo sipatsukika, ngakhale mutaika sopo wodula bwanji.

Mayi amene anayambitsa makina oyamba ogwira bwino ntchito, Josephine Cochrane wa ku Illinois ku America, analembetsa luso lakelo mu 1886, ndipo chomwe anachita poyamba ndi kuyeza mbale, makapu ndi masosala, n'kupanga timipanda tawaya toti chiwiya chilichonse chiime pachokha. Mpaka lero nzeru yake ndi yomweyo. Timano tija ta m'dengu si tokongoletsera, mpata uliwonse ndi wa mbale imodzi.

Apa ndi pamene ife timapunthwira. Akamati za anthu 12, amawerengera mbale zophwatalala za kudya kwa ku Ulaya: mbale yaikulu, yaing'ono, ya supu, kapu ndi sosala yake, tambula, mpeni, foloko ndi masupuni. Mulibe poto wa nsima m'chiwerengero chimenecho, mulibe mabakuli a ndiwo, mulibe beseni losambira m'manja. Mbale zathu zambiri n'zakuya. Mukazindanditsa mpata uliwonse, ina imalowa m'mimba mwa inzake, n'kutsekana pakamwa. Madzi amangotsuka kumsana, m'kati mwake nsima ili phee. Mbale zakuya muzidumphitsa mpata umodzi, muziweramitse pang'ono kuti pakamwa payang'ane pansi ndi pakati pa makina. Mukasuzumira kuchokera m'mwamba muzitha kuona kuwala pakati pa mbale ndi mbale. Mukapanda kuona mpata, dziwani kuti madzinso saupeza.

Ine ndinaphunzira ndi chinkhoswe cha mwana wa mlamu wanga. Anthu atabalalika, mbale zinali mulu pakhonde, ine n'kufuna kuonetsa kuti kwathu kuno sitivutika. Ndinathithika zonse, mabakuli pamwamba pa makapu, thireyi yaikulu ndinaiimika kutsogolo chakuchitseko, poto ndinamuvundikira pamwamba pa mbale. Patatha maola atatu ndinatsegula apongozi ali pomwepo. Sopo anali gwaa m'kabokosi kake, atangonyowa mbali imodzi, chifukwa thireyi ija inatsekereza kachitseko ka sopo kuti kasatseguke. Mkono wa m'mwamba unakodwa pa chogwirira cha poto, sunazungulire n'kamodzi komwe. Nsima yotsalira ija inachita kuphikidwanso ndi nthunzi n'kuuma ngati simenti. Apongozi sanayankhule kanthu, anangovula mpango n'kumanga m'chiuno, n'kufunsa komwe kuli beseni.

Chiyambire tsiku limenelo, ndisanatseke chitseko ndimapisa dzanja n'kuzungulitsa mikono yonse iwiri. Ikagunda kanthu, ndimasuntha chomwe chagundacho. Ndimayang'ananso pansi pa dengu ngati palibe chogwirira cha supuni kapena cha chipande chomwe chatulukira kunsi. Mbale zanu zikakhala zazitali n'kumakhudza mkono wa m'mwamba, onani m'mbali mwa dengu la m'mwambalo, makina ambiri amalola kulikweza kapena kulitsitsa. Mathireyi ndi matabwa odulirapo apulasitiki aziima m'mbali kapena kumbuyo, osati kutsogolo komwe kuli sopo.

Masupuni nawo amakonda kugonerana. Mukaika a mtundu umodzi malo amodzi, onse mitu kumwamba, amakumbatirana ndipo pakati pake phala limatsala. Sakanizani ndi mafoloko, ena mutu pansi, ena mutu m'mwamba. Mipeni nsonga iziloza pansi, makamaka ngati m'nyumbamo muli ana. Makapu ndi matambula apite m'mwamba atavundikirika, opendekeka pang'ono kuti madzi asadikhe kunsi kwake. Zapulasitiki nazo m'mwamba, ndipo muzipanikize bwino, chifukwa zopepuka zimatembenuka n'kutunga madzi akuda.

Tsopano nkhani ya nsima, yomwe timabuku ta makinawa sitiidziwa. Timabukuto timati musatsukuluze mbale musanaike, ingopalani zotsalira, ndipo pa zakudya zambiri n'zoona. Sopo wa makinawa ali ndi mankhwala omwe amasungunula zakudya za ufa ndi zanyama, ndipo makina ambiri amakono amayeza kuda kwa madzi n'kusankha okha utali wa katsukidwe. Mafuta a nkhuku, msuzi wa tomato, nsinjiro, zonsezi zimachoka bwinobwino popanda inu kugwirapo. Koma nsima ikauma ndi nkhani ina. Kutentha kwa kuno mu Okutobala mukukudziwa, mbale ya nkhomaliro ikafika madzulo nsima yasanduka khungwa. A ku Nkhotakota odya kondowole ndiye musachite kunena, imamata ngati ulimbo. Choncho palani nsima ikadali yofewa, anthu akangotha kudya, ndi chipande kapena supuni, nkhuku zidyeko. Yomwe yauma kale inyikeni kaye m'beseni mphindi zochepa. Ngati mukudikira kuti makina adzaze mpaka usiku, pali kapulogalamu kakafupi kongotsukuluza ndi madzi ozizira, ka mphindi pafupifupi 15, kopanda sopo. Kamathandiza kuti zakudya zisaume, komanso fungo ndi mphemvu zisakupezeni.

Poto wa nsima ine sindimuikamo n'komwe. Nkhoko zimafuna kunyika ndi dzanja basi, komanso poto mmodzi wamkulu amadya malo a mbale khumi n'kutchinga madzi opita m'mwamba. Kuonjezera apo, mapoto athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo sopo wa makinawa amawadetsa, amatuluka otuwa ngati phulusa. Mthiko, chipande chamtengo ndi mipeni ya zogwirira zamtengo zimang'aluka ndi kutentha. Chiwaya chachitsulo chimachita dzimbiri. Mukachotsa zimenezi muona kuti malo a mbale alipo ambiri.

Ife a kunyanja tili ndi mdani wina: minga. Ya chambo, ya utaka, timitu ta usipa, mamba, kuphatikizapo timbewu ta mpunga ndi njere za tomato. Zonsezi zimathera pa sefa ija ili pansi pakatikati, ndipo zing'onozing'ono zimakatseka timabowo ta m'mikono. Popeza madzi ake ndi omwewo ozungulira, sefa ikadzaza makina amangomwaza zinyalala pa matambula anu, ndiye mumapeza timchenga m'makapu. Ngati chilandirireni makinawo simunatsegulepo sefayo, yambirani pomwepo lero. Imapotokoka ndi dzanja, mutsuke pampopi ndi mswachi wakale. Kwathu timadya nsomba pafupifupi tsiku lililonse, ndiye ndimatsuka kamodzi pa sabata. Mikono nayo imazuka, muiyang'anitse kudzuwa, bowo lotsekeka mulitokose ndi kamtengo kotokosera m'mano. Tsiku loyamba kutero ndinatulutsa kamunga ka chambo ndi timbewu tiwiri ta mpunga m'mkono wa m'munsi, ndipo mabowo atatu akumapeto, omwe amaukankha kuti uzungulire, anali otsekeka.

Za matambula a mbuu zija sizikukhudzana ndi kudzaza. Kawirikawiri amenewo ndi madzi. Ngati mumamwa a pamjigo kapena a chitsime chanu chokumba, onani m'ketulo yanu: ngati muli zoyera zokakamira pansi, zomwezo ndi zimene zikutsalira pa matambula. Yesani kupukuta tambula limodzi ndi viniga. Likayera, ndiye kuti ndi madziwo. Pansi pa makina, pafupi ndi sefa, makina ambiri ali ndi chitsekero chachikulu chopotokola, mmenemo mumathiridwa mchere wofewetsa madzi. Ndi mchere wakewake wa mibulumibulu, wolembedwa dishwasher salt, osati wathu wa ndiwo uja, chifukwa wathuwu ndi wosalala kwambiri ndipo uli ndi zina zosakanizamo. Pachitseko, pambali pa kabokosi ka sopo, pali kena kothiramo rinse aid, amene amachititsa kuti madzi atsetsereke osasiya madontho. Ambiri amene amalandira makina ngati mphatso sadziwa n'komwe kuti mabowo awiriwa alipo. Tambula likakana kuyera ndi viniga, ndiye kuti galasi lenilenilo linadyeka, silibwereranso, ndipo zimenezi zimachitika sopo akachuluka madzi ali ofewa.

Sopo wamadzi wotsukira mbale pamanja, kapena waufa wochapira zovala, musayerekeze n'komwe, ngakhale wa makinayo atakutherani Lamlungu. Thovu lake limatulukira pachitseko n'kudzaza khitchini, ndipo pampu siikankha thovu.

Simunanene pulogalamu yomwe mumasankha, koma ndikukayikira kuti ndi yachangu ija ya mphindi 30, poopa kuti magetsi angathime. Imeneyo ndi ya makapu a tiyi ndi mbale za buledi, madzi ake satentha mokwanira ndipo sopo sapeza nthawi yogwira ntchito. Makina odzaza ndi mbale za nsima ndi ndiwo amafuna Eco, yomwe imatenthetsa madzi kufika madigiri 50 n'kutenga maola atatu kapena kuposerapo, kapena ya mphamvu ija ya madigiri 65 mpaka 70 ngati mafuta achuluka. Musadabwe kuti yaitaliyo ndi imene imadya magetsi ochepa. Chimene chimadya mayunitsi ndi kutenthetsa madzi, osati kuzungulitsa, ndiye Eco imatenthetsa pang'ono n'kulola nthawi igwire ntchito. Ine ndimayatsa usiku pokagona. Magetsi akathima pakati, anga amapitiriza pomwe analekera akabwera. Ngati muli pa sola, kumbukirani kuti chotenthetsera chake chimakoka pafupifupi mawati 2,000, ka inivata ka mababu ndi TV sikangakwanitse.

China chomwe chimavuta m'nyumba za kunyanja ndi mphamvu ya madzi. Ngati madzi anu amachokera m'thanki, makina ambiri amafuna kuti thankiyo ikhale pamwamba mamita osachepera asanu kuchokera pomwe pali makinawo. Ikakhala yotsika, madzi amalowa mwaulesi, makina ena amaima n'kuyatsa kagetsi ka mpopi. Pomwe paipi ya makina yalumikizana ndi mpopi palinso kasefa kakang'ono, kamene kamagwira mchenga. Tsekani mpopi, masulani paipiyo, muone ngati sikanatsekeke.

Lamlungu likubwerali chitani chonchi kuti mkangano ndi bambo uthe: tsukani sefa, tokosani mikono, thirani mchere, poto wa nsima asiyidwe pa sinki, kenako dzazani madengu onse awiri mpata uliwonse woyenera, popanda chogonera chinzake. Zungulitsani mikono ndi dzanja, sankhani Eco. Ikatsala mbale yakuda, musaichotse msanga, yambani mwaona yomwe yaima kutsogolo kwake, mupeza kuti ndi imene inaitchinga. Mukatha kuika mbalezo jambulani madengu onse awiri musanatseke chitseko, mutumize muno, tikuonereni pomwe pakutsekeka.